Atelala a Kuseri kwa Yunivesite

Apongozi anga ndi telala. Pamsewu wathu palibe amene amawatchula dzina. Ana, akuluakulu, ngakhale mwana wawo weniweni amene ndi mwamuna wanga, onse amangoti Atelala. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi ka khonde, pakati pa wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo. Ukakhala pa makina n'kudzutsa mutu, chimene umaona tsidya la msewu ndi mpanda wa yunivesite, wautali, wa njerwa zofiira, ndi kageti ka anthu oyenda pansi. Apongozi anayang'anizana ndi mpanda umenewo zaka makumi anayi phazi lawo lisanapondeko mkati.

Koma mukanawafunsa, akanakuuzani kuti yunivesite amaidziwa kuposa mkulu wake. "Iwo amaidziwa m'mabuku, ine ndimaidziwa m'chiuno," ankatero. Ndipo sankanama. Mphunzitsi akakwezedwa pantchito iwo ankadziwa, chifukwa pakangopita miyezi itatu ankatulukira ndi mathalauzi kuti awonjezeredwe. Mayeso akayandikira ankadziwanso, poona atsikana akubwera kudzachepetsa masiketi amene ayamba kuvuka okha. Nyengo ya omaliza maphunziro ikafika, shopu inkada bii ndi mikanjo, ina yofuna kupinda, ina yong'ambika m'khwapa chifukwa cha kukumbatirana.

Anafika pamsewuwu ali mtsikana wongokwatiwa kumene, yunivesite ikadali kasukulu ka aphunzitsi ka midadada inayi. Telala anali mwamuna wawo. Iwo ntchito yawo inali kusita ndi kusokerera mabatani. Mwamunayo atamwalira, ana atatu ali ang'onoang'ono, achibale anawalangiza kuti agulitse makina, abwerere kwawo. Iwo anadzitsekera m'shopu mlungu wathunthu, n'kutenga thalauzi limodzi la malemuwo, kulimasula msoko ndi msoko, kulisokanso, kulimasulanso, mpaka analidziwa ngati chikhatho chawo. Lolemba lotsatira anatsegula chitseko.

Kasitomala woyamba anali mlonda wa pakageti kaja, amene apongozi amamutchula kuti Achipewa chifukwa palibe amene anaonapo mutu wake. Mpaka lero Achipewa amanenetsa kuti thalauzi lija mwendo umodzi unali wautali. Apongozi amati mwendo wa Achipewa ndi umene unali waufupi. Mlandu umenewu wadutsa zaka makumi atatu, ndipo woweruza sanapezeke.

Ine ndinalowa m'banjali ndisakudziwa ngakhale kumene singano imaloza. Anandiphunzitsa ndi iwo, ndi pakamwa pawo pakuthwapo, mpaka anandigulira makina anga n'kuwaika pafupi ndi zenera. Chiberekereni ana awiri tsiku limodzi, amanditchula kuti amake mapasa, ndipo dzina langa ndikukhulupirira analiiwala.

Vuto linayamba pang'onopang'ono, ndipo wolakwa woyamba anali singano. "Masiku ano singano akuzipanga zopanda bowo," anatero tsiku lina, ulusi uli m'kamwa. Kenako wolakwa anakhala babu. Tinagula lina lowala kwambiri, moti wometa anabwera kudzafunsa ngati tatsegula chipatala. Babu litapezeka losalakwa, mlandu unagwera opanga ulusi, akuti wakuda ndi wabuluu akumaupanga wofanana dala. Ine ndinayamba kulawirira. Ndinkafika iwo asanabwere, kulowetsa ulusi pa makina awo, kulowetsanso m'masingano khumi n'kuwabaya pa kapilo. Iwo akafika ankangotenga n'kumasoka, osafunsa kuti singano zadzilowetsa zokha liti.

Tsiku lina mphunzitsi wa masamu, bambo waulemu wosadziwa kukweza mawu, anabwerera ndi malaya amene tinamusokera.

"Amayi, pepani kukuvutitsani," anatero. "Cholembera chikumangogwa."

Ndinayang'ana. Thumba analisoka chozondoka, kukamwa kwake kuli pansi. Apongozi anapapasa thumbalo ndi chala, nkhope osasintha n'komwe.

"Ndi mmene akuvalira achinyamata masiku ano," anatero. "Koma ngati inu mwakalamba, siyani tikonza."

Bamboyo anathokoza, anapepesanso, n'kupita.

Chaka chimenecho yunivesite inayamba zachilendo. Kunabwera mkulu watsopano amene ankati sukulu singakhale pakati pa anthu ngati mlendo wosapereka moni. Ophunzira za malamulo anayamba kumakhala pansi pa tenti Lachisanu, kulangiza aliyense amene ali ndi nkhani ya malo kapena ya ntchito. Laibulale anaitsegulira ana a m'dera Loweruka, ndipo mapasa anga anayamba kubwerako ndi mafunso amene bambo awo ankawathawa. Ndiye Lachitatu lililonse, a za maso ankapima anthu kwaulere.

Chikalata chake anabweretsa ndi Achipewa.

"Atelala, nachi chikalata. Akuti aliyense wa m'dera lino abwere Lachitatu adzapimitse maso."

"Ndiye mwabweretsa kwa ine bwanji? Kampatseni wowotcherera uyo, ndi amene amayang'ana moto tsiku lonse."

"Ndamupatsa kale. Ichi n'chanu."

"Opimawo ndani?"

"Ophunzira, koma aphunzitsi awo amakhala pomwepo."

"Ophunzira!" Apongozi anaimitsa makina. "Ana omwewa amene amabwera kuno batani lili m'manja, nkhope ngati kwawo kwagwa zovuta? Batani likuwakanika, ndiye ine ndikawapatse diso?"

Analandira chikalatacho, n'kuchiyang'anitsitsa ngati akuwerenga, chili chadodolido. Achipewa anatsegula pakamwa, ine ndinawatsinzinira, anatseka. Madzulo ake chikalatacho chinali chitasanduka patani ya kolala.

Bambo a mapasa nawo anayesa. Iwo amayendetsa galimoto yonyamula katundu, ndipo pamsewu saopa munthu, koma pamaso pa mayi awo amabwerera m'kabudula.

"Amayi, mwina mukanangopita akakuoneni chabe."

"Akandione ndasowa? Ndinakubereka ndikuona, ndikukuonabe. Malaya akowo sunasite."

Malayawo anali ositidwa bwinobwino, koma nkhani inathera pomwepo.

Amene anawatha ndi adokotala a maso, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, amene ankaphunzitsa ku yunivesiteko ndipo madiresi ake onse ankasoketsa kwa ife. Tsiku limenelo anabwera ndi nsalu yobiriwira. Apongozi anawayeza m'chiuno, n'kubweretsa tepi pafupi ndi mphuno, n'kuitalikitsa, n'kuibweretsanso.

"Amake mapasa, tawerengani apa, manja anga atanganidwa," anatero.

Ndinawerenga. Adokotala anaona zonse, koma za maso sanatchule n'kamodzi komwe. Anapinda nsalu yawo mofatsa, n'kuusa moyo.

"Amayi, ine ndili ndi vuto kuntchito. Chipinda chimene timapimiramo anthu chimafuna mdima, koma makatani amene tili nawo ndi opyapyala ngati sefa ya tiyi. Ndikufuna munthu wodziwa adzayeze mazenera, atisokere ena."

"Tumizani miyezo, tisoka."

"Ulendo watha tinayeza tokha. N'chifukwa chake anafupika."

Apongozi anatembenukira kwa ine, nkhope ili ngwee. "Mwamva, amake mapasa? Madigiri onsewo, zenera likuwakanika."

Lachitatu anavala ngati akupita ku ukwati, nsapato zakuda zija zimene zimawaluma, tepi ili m'khosi, choko chili m'thumba. Tinadutsa msewu. Pageti Achipewa anaimirira njo, n'kukankhira buku lalikulu patsogolo.

"Mlendo aliyense alembe dzina."

"Zaka zonsezi simukundidziwa?"

"Ndikukudziwani kwambiri, n'chifukwa chake ndikufuna umboni woti munalowadi."

Ndinalemba ndine.

M'katimo munali mokula kuposa mmene tonse tinkaganizira. Kapinga wometedwa, mitengo ya mthunzi, tinjira ta simenti topita uku ndi uku. Apongozi anandigwira mkono, akuti chifukwa cha nsapato. Tisanayende patali tinamva mawu, "Atelala!" Kenako ena cha kumanzere, "Atelala, lero mwatiyendera!" Ophunzira, aphunzitsi, amayi osesa, wina mpaka anatulutsa mutu pazenera la m'mwamba. Nkhope sankaziona, koma mawu ankawadziwa. "Uyu ndi wa zipi uja," ankandinong'oneza. "Uyo ndi uja amakhalira mathalauzi mpaka kubooka." Koma ndinamva dzanja lawo likundifinya.

Kunja kwa chipinda cha maso anthu anali atakhala pamabenchi. Wowotcherera anali pomwepo, ndi amayi angapo a kumsika. Apongozi anapereka moni mokweza kuti wina aliyense amve.

"Ine ndabwera ku ntchito, sindinabwere kudzadwala ayi."

Mazenera anali atatu. Iwo ankagwira tepi, ine n'kumawerenga, iwo n'kumabwereza nambalayo mokweza ngati aiona okha. Titamaliza, adokotala analoza mpando wachikopa pakati pa chipinda.

"Amayi, kuti mudziwe mdima umene tikufuna, takhalani apa kaye, muone mmene odwala amaonera."

Anakhala. Wophunzira wina, mtsikana wamtali wovala choyera, anawatseka diso lakumanzere ndi kachivindikiro.

"Agogo, mukuona chiyani kutsogoloko?"

"Khoma."

"Pakhomapo pali chiyani?"

"Penti."

Pakhomapo panali chikwangwani cha zilembo, ndipo chapamwamba chinali chachikulu ngati dzanja la munthu.  Apongozi anachotsa kachivindikiro kaja, n'kuyang'ana kumene kunali adokotala, n'kuyang'ana kumene kunali ine.

"Chabwino," anatero. "Mwandikola."

Anayamba kupinda ndi kutambasula tepi pamiyendo. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali aang'ono, mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Chino n'chaka chachiwiri. Ndimaona ngati ndili mu utsi. Ndimaopa kuti mukangonena kuti ndi khungu, ndiye kuti makina aja ndasiyana nawo. Nanga ine popanda makina ndine ndani?"

Adokotala anawaunika maso onse awiri ndi katochi, n'kuuza mtsikana wamtali uja kuti aunikenso ndipo anene chimene waona. Mtsikanayo ananena, adokotala anagwedeza mutu.

"Si khungu, amayi. Ndi ng'ala. Ili m'maso monse, koma lakumanja ndiye yakhwima. Imachotsedwa. Tiyamba ndi lakumanjalo, kuchipatala chathu konkuno."

Apongozi anawongola msana. Mantha anali akadalipo, koma nkhani inali itafika pa zimene amazidziwa.

"Mudula?"

"Pang'ono kwambiri. Bowo la batani n'lalikulu."

"Ndiye musoka ndi ulusi wanji?"

"Nthawi zambiri sitisoka. Pamatsekeka pokha."

"Kudula osasoka? Ntchito ya ulesi imeneyo."

Mtsikana wamtali analephera kupirira, anaseka mpaka kugwira pakamwa. Apongozi anamuloza ndi chibwano.

"Wodula ndi ameneyu?"

"Wodula ndine. Uyu azingoona, kuti mawa adzathandize ena."

"Aone ndithu. Koma manja aike m'thumba."

Makatani anawasoka mlungu womwewo, a nsalu yokhuthala yabuluu, akuti amalize ntchito ya eni asanaphedwe. Masiku otsalawo anawathera popereka malamulo. Makina awo azithiridwa mafuta Loweruka lililonse. Sizasi yaikulu wina asadzayerekeze kudulira pepala. Mwana wawo wamkazi amene amakhala kutali anamuimbira foni kumuuza kumene kuli nsalu zawo zabwino, mpaka mlamu wangayo anandiimbira akulira, kufunsa ngati pali zimene tikumubisira.

Tsikulo tinapita mamawa, ine ndi bambo a mapasa. Apongozi analowa atakunga nkhope ngati msilikali. Ola lisanathe anatuluka pa kampando ka mateyala, bandeji lili padiso, akukalipa. Ndinathamangira, mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti akumva ululu. Ayi ndithu, nkhani inali chovala cha odwala chimene anawaveka.

"Amene anasoka chinthu ichi analibe manyazi. Kumbuyo konse pululu, tizingwe tiwiri basi. Amake mapasa, muwauze atipatse ntchito imeneyi."

M'mawa mwake tinabwereranso kukachotsa bandeji. Anachotsa ndi mtsikana wamtali uja, adokotala ataima pambali. Apongozi anaphethira kangapo, misozi ikutsika ndi kuwala. Kenako anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu.

"Kani ndiwe wokongola chonchi? Koma kolala yakoyo yapindika."

Anatembenukira kwa ine, n'kundiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinayamba kuchita manyazi.

"Amake mapasa, imvi izi zayamba liti?"

"Chaka chimene munayamba kusoka matumba ozondoka, amayi."

Adokotala anayang'ana kudenga. Apongozi anaseka, n'kugwira diso, n'kukumbutsidwa kuti asaligwire. Mwana wawo ndiye sanamusiye. Anamuyang'ana pamimba n'kufunsa ngati katundu wa eni amanyamulira m'galimoto kapena m'malaya.

Ulendo wobwerera, umene ndi wa mphindi khumi, unatitengera pafupifupi ola. Ankaima paliponse. Anaima kuyang'ana masamba a mtengo, akuti anali ataiwala kuti tsamba lililonse limakhala palokha. Pageti anawayang'ana Achipewa bwinobwino n'kunena kuti akalamba moipa. Achipewa anayankha kuti akuthokoza, ndipo kuti bandeji lija likanakhalabe.

Titalowa m'shopu, anaona fumbi pamwamba pa shelefu ndi ukonde wa kangaude pakona, ndipo ndinamva zonse zimene ndinayenera kumva. Kenako anatenga diresi limene anasoka okha mlungu wapitawo, limene ndinali ndisanaligwire, n'kulitembenuza. Msoko wake unkayenda ngati munthu wochokera ku mowa. Anakhala pansi, diresi lili pamiyendo.

"Zonse zinali chonchi?"

"Zina."

"Nanga anthu osabweza bwanji?"

"Ndinkakonza m'mawa, inu musanafike."

Kunja wowotcherera anali akugogoda chitsulo. Kenako apongozi anatambasula dzanja.

"Tandipatsani zanuzo ndione."

Ndinawapatsa siketi imene ndinali kumaliza. Anaitembenuza, anayendetsa chala pamsoko kuyambira m'chiuno mpaka pansi.

"Wawongoka," anatero. "Mwaphunzira."

Pa zaka khumi ndi ziwiri ndili m'banjali, kumeneko kunali kuyamikiridwa kwanga koyamba. Ndinali ndisanamalize kukondwa pamene anawonjezera kuti mfundo ndimamanga zazikulu ngati za chingwe cha mbuzi.

Adokotala anawaletsa kusoka kwa milungu ingapo, anawaletsa kuwerama ndi kukhala pafumbi. Ndiye munthu amene sanakhalepo manja lende chiyambire, mukuganiza akanatani? Anayamba kuyendera msewu wonse ndi magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala, kusaka odwala. Akaona munthu akuwerenga foni ataitalikitsa, ankaima. "Inu, mukutsinzinira chiyani? Lachitatu." Mayi a wometa, amene anali atasiya kutuluka m'nyumba chifukwa chopunthwa, anakawatenga okha, kuwagwira dzanja mpaka pabenchi. Wina akati akuopa ophunzira, apongozi ankamudabwa ngati wanena zachibwana.

"Mukuopa ana? Nanga aphunzirire pa ndani, pa nkhuku? Aphunzitsi awo amakhala pomwepo. Tiyeni."

Ine ndinkangosoka, osakumbutsa munthu chilichonse.

Lachitatu lina apongozi analowa pageti ndi anthu asanu ndi anayi ali pamzere kumbuyo kwawo, Achipewa mpaka cholembera chinawathera inki. N'chifukwa chake, yunivesite itaitanitsa msonkhano wa anthu a m'dera, umene umachitika kawiri pachaka, adokotala anaikapo dzina lawo. Apongozi anandiuza kuti ndiwaperekeze, akuti ndikawanyamulire chikwama, koma ndikudziwa kuti ankaopa.

Holo yake inali yaikulu, matebulo atayalidwa nsalu zoyera, botolo la madzi pamaso pa munthu aliyense. Panali aphunzitsi aakulu a masukulu a ana, wapampando wa msika, atsogoleri a mipingo, ndi akuluakulu a yunivesite atakhala kutsogolo. Analankhula wina, analankhula wina. Mawu akuti mgwirizano ndinawawerenga mpaka ndinataya chiwerengero. Apongozi anali atagwira m'mphepete mwa nsalu ya patebulo, akuyang'ana mmene anaipindira. Mkulu wa yunivesite atafunsa ngati pali wina amene ali ndi mawu, anthu anayang'ana pansi. Dzanja limene linakwera ndi la apongozi anga.

Anawapatsa chokuzira mawu. Anachigwira patali ngati chingawalume.

"Ine ndine telala wa kuseri kwa mpanda wanuwu. Ambiri muno ndimakudziwani, koma sindinena zimene ndimadziwa." Anthu anaseka, ena anakhudza malamba awo. "Choyamba ndithokoze. Diso ili munandibwezera ndinu, ndipo mwana wamtali uja mumusamale, adzakhala dokotala weniweni. Koma popeza mwandipatsa diso, mundilole ndinene zimene laona."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chikalata chonga chimene Achipewa anabweretsa tsiku lija.

"Ichi ndi chikalata choitanira anthu osaona. Mwachilemba m'Chingerezi, ndi tizilembo tonga nyerere. Ndiye amene angachiwerenge, akudzatani kuno?"

Holo yonse inagwa ndi phwete. Mkulu wa yunivesite anavula magalasi, anapukuta m'maso, n'kuyamba kulemba.

"Ndiye pali buku la pageti. Alipo anthu amafika pamenepo, akaona cholembera amabwerera, akuti aiwala chinthu kunyumba. Sanaiwale kanthu, sadziwa kulemba, ndipo sangakuuzeni. Ine ndinapita ndi mpongozi wanga, nanga amene alibe mpongozi?"

Apa sanaseke munthu. Ndinaganiza kuti apongozi amaliza. Ayi.

"Ndiye madzi. Chimangireni nyumba zatsopano zogona ana zija, mvula ikagwa madzi onse a padenga amatulukira pansi pa mpanda n'kulowa mumsewu wathu. M'shopu mwanga nsalu timaziika pamwamba ngati tikuthawa mbewa. Ndamva kuti muli ndi ana ophunzira za misewu ndi ngalande. Akuphunzirira kuti? Ngalande ili pakhomo penipeni."

Mkulu uja analonjeza kuti zonse aziona. Apongozi anamuyang'ana bwinobwino, n'kubweretsanso chokuzira mawu kukamwa.

"Komanso jekete lanulo, bambo, manja ake..."

Ndinawakoka diresi. Anakhala pansi, akunong'ona kuti amangofuna kuthandiza.

Chikalata chinasintha mwezi usanathe. Chinabwera m'chilankhulo chathu, zilembo zake zoti ungaziwerenge uli tsidya la msewu, ndipo ophunzira anayamba kumayenda m'misika Lachiwiri kulengeza ndi pakamwa. Buku la pageti silinachoke, koma Lachitatu amalemba ndi mlonda, munthu amangotchula dzina. Achipewa anabwera kudzadandaula kuti Atelala awaonjezera ntchito pa ukalamba. Anayankhidwa kuti zaka zonsezi amalandira malipiro a kukhala pampando, tsopano ayambe kugwira. Jekete la mkulu uja linafika pashopu patapita masiku anayi, litakulungidwa mupepala, ndi dalaivala amene sanafune kunena kuti n'la ndani.

Ngalande ndiye inavuta. Ophunzira anabweradi, gulu lonse, ndi zipangizo za miyendo itatu, atavala zipewa zachikasu. Anayeza masiku atatu. Apongozi anawatulutsira benchi ndi madzi akumwa, n'kumawauza pamene madzi amakhotera, iwo n'kumalemba. Anajambula mapu okongola kwambiri, mpaka anabwera kudzationetsa. Mvula inabwera, mapu ali m'ofesi, ndipo tinakwezanso nsalu pamwamba. Pamsonkhano wotsatira apongozi anapita ndi ndowa imene timakapira madzi, n'kuiika patebulo loyera lija. Chilimwe chake ngalande inakumbidwa n'kumangidwa ndi simenti, koma inalekezera panjira, akuti gawo lachiwiri likudikira chaka china.

Pano diso lakumanzere nalo anachotsa ng'ala, ndipo amavala magalasi owerengera amene amawasaka tsiku lonse ali pamphumi. Anabwerera pa makina, koma Lachitatu shopu imakhala yanga. Iwo amakakhala pabenchi paja pafupi ndi amene akunjenjemera, kuwacheza nkhani mpaka dzina lawo litaitanidwa. Ophunzira atsopano akafika, adokotala amawatumiza kaye kwa iwo kuti akaphunzire kulankhula ndi anthu akuluakulu. Amabwerako ena akuseka, ena atasokeredwa batani.

Lero m'mawa kunagwa mvula yamphamvu. M'shopu mwathu munali mouma gwaa, apongozi akusoka uku akung'ung'udza nyimbo. Mvula itangokata, wometa analowa thalauzi atapinda mpaka m'mawondo, makina ometera ali m'manja.

"Atelala, ngalande yanu ija yathera pakhomo panga penipeni. Madzi onse amene ankalowa kwa inu, tsopano akulowa kwa ine. Tsitsi likuyandama m'shopu monse."

Apongozi anasuzumira panja, anaona, anapukusa mutu. Anavala nsapato, anatenga ambulera, n'kundikankhira diresi limene anali kupinda.

"Amake mapasa, malizani ili, mwini wake abwera masana. Inu, tiyeni."

"Panopa? Ndili ndi kasitomala pampando."

"Madzi akaphwa a ku yunivesite adzati tikunama. Tiyeni akaone miyendo yanuyo ikadali yonyowa."

Anadutsa msewu, apongozi patsogolo, wometa pambuyo akudumpha zithaphwi. Achipewa anawaona akubwera, anatsegula geti osafunsa. Patapita kanthawi kasitomala uja anatulukira pakhonde pathu, nsalu ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi, n'kufunsa ngati achedwa kumeneko. Ndinamupatsa mpando n'kumuuza kuti akhale momasuka, tiyi ali pamoto.